Mwana akukhoza mayeso a m'kalasi koma sakutha kufotokoza zimene wawerenga: tingamuyese bwanji kunyumba?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndasankha kuyankha poyera chifukwa funso lawo ndalimva kwa makolo ambiri. Mayiwa akuti mwana wawo wamkazi ali mu Sitandade 7 pa sukulu ina ya boma, ndipo teremu yatha anapeza malikisi apamwamba pa Chingerezi ndi pa Social Studies. Koma tsiku lina atamupatsa nyuzipepala ya Chingerezi kuti awerenge ndime imodzi n'kuwafotokozera zimene wamva, mwanayo anawerenga mawu onse mosadodoma, kenako n'kungoti chete, osatha kunena kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani. Akufunsa kuti angadziwe bwanji zimene mwanayo akudziwadi, komanso ngati n'koyenera kumugulira mapepala a mayeso akale ndi kumulipirira patitayimu popeza chaka cha mawa alemba mayeso a Sitandade 8.

Mayi, choyamba ndikuthokozeni chifukwa simunakhutire ndi nambala yolembedwa pa lipoti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malikisi a mayeso a m'kalasi nthawi zina amakhala otero, osati chifukwa choti aphunzitsi anama, koma chifukwa cha momwe mayesowo amakonzedwera. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda mpaka ena kukhala pakhomo sangathe kufunsa mafunso ofuna mayankho aatali, pakuti alibe nthawi yochonga zonsezo. Choncho amafunsa mafunso osankha yankho limodzi mwa mayankho angapo, kapena odzaza mawu pampata, ndipo kawirikawiri ziganizo zake zimakhala zomwezo zimene ana anakopera pabolodi. Mwana wa mutu wogwira amaloweza ziganizozo monga momwe amalowezera nyimbo, ndipo amakhoza bwino. Chimene mayeso oterowo ayesa ndi kukumbukira, ndipo kukumbukira n'kofunika ndithu, koma si kumvetsa.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sachiganizira, chomwe kwa ine ndicho phata la nkhani yonseyi. Lamulo la maphunziro la 2013 limanena kuti Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, komabe m'sukulu zambiri za boma ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira zinthu zambiri m'Chichewa, ndipo akafika mu Sitandade 5 amakumana ndi mabuku a sayansi, ulimi ndi mbiri yakale olembedwa m'Chingerezi. Mayeso a Sitandade 8 otchedwa PSLCE, amene bungwe la MANEB limakonza kuchokera ku Zomba, amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Izi zikutanthauza kuti funso lililonse la sayansi kapena la Social Studies limayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi: ngati mwanayo akudziwa nkhaniyo, komanso ngati akumva chiyankhulo chimene funsolo lafunsidwira. Mwana akalakwa, lipoti silikuuzani kuti wagwa pa chiti mwa ziwirizi, ndipo akakhoza, silikuuzaninso ngati wamvetsa kapena wangozindikira mawu amene anawaona kale m'kope.

Ndiye ntchito yanu kunyumba ndi kulekanitsa ziwirizi, zimene sukulu ilibe mpata wochita. Yambani ndi Chichewa. Mufunseni, mwachitsanzo, kuti madzi a m'mpopi amene timamwa mu mzinda uno amachokera kuti. Ngati akudziwa, akuuzani za mtsinje wa Lilongwe, za madamu a Kamuzu ku Malingunde, mwinanso za nkhalango ya Dzalanyama kumene mtsinjewo umayambira. Musalekere pomwepo, koma mufunsenso kuti chingachitike n'chiyani ndi madziwo anthu akamaliza mitengo ya ku Dzalanyama powotcha makala. Funso lachiwirili ndilo limaonetsa mwana amene akuganiza, chifukwa yankho lake silinalembedwe ngati chiganizo chimodzi choloweza. Liyenera kulumikiza mitengo, mvula, nthaka yokokoloka ndi matope odzaza m'damu. Akayankha bwino m'Chichewa, mupempheni kuti anene zomwezo m'Chingerezi, ngakhale ndi ziganizo zitatu zokha. Akakanika pamenepa, mwadziwa kuti nzeru zilipo ndipo vuto ndi chiyankhulo. Akakanika m'Chichewa momwe, ndiye kuti nkhaniyo sanaimvetse, ndipo kumuwonjezera maola a Chingerezi sikungathetse vutolo palokha.

Njira yomweyi mungaigwiritse ntchito pa mbiri ya dziko lathu. Ana ambiri amadziwa kuti Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 July 1964, kuti John Chilembwe anatsogolera kuukira atsamunda mu 1915, ndiponso kuti likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Zaka zimenezi ndi zofunika kuzidziwa, ndipo pa mayeso zimabwera. Koma mufunseni chifukwa chimene boma linafunira likulu m'chigawo chapakati, kapena chimene anthu ankasankha pa riferendamu ya mu 1993, kapena chifukwa chake pa 3 March sitipita kuntchito. Ine ndimaona kuti mwana amene angakuuzeni m'mawu akeake kuti pa riferendamu ija Amalawi anasankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri ali patsogolo kuposa mnzake amene waloweza zaka makumi awiri koma sangafotokoze chimene chinachitika m'chaka chimodzi mwa izo. Ubwino wake ndi woti nkhani zambiri zoterezi agogo ake anaziona ndi maso, choncho mukhoza kumutuma kuti akawafunse, abwere adzakufotokozereni.

Tsopano za Chingerezi chenichenicho. Kuwerenga mokweza mosadodoma, kumene mwana wanu akutha kale, ndi sitepe yoyamba chabe, ndipo kumanyenga makolo ambiri chifukwa kumamveka bwino m'khutu. Chimene ndingakulangizeni ndi ichi. Tengani nkhani yaifupi imene sanaionepo, yosaposa ndime ziwiri, ndipo isakhale ya ndale kapena ya zachuma monga zambiri za m'nyuzipepala, chifukwa mawu ake ndi ovuta ngakhale kwa ana a sekondale. Mwina n'chifukwa china chimene anakhalira chete tsiku lija. Mabuku a nthano za ana mukhoza kuwapeza ku laibulale ya National Library Service ku City Centre. Awerenge mwakachetechete, atseke bukulo, ndipo akuuzeni m'Chichewa kuti ndani anachita chiyani, kuti, ndipo chifukwa chiyani. Kenako atsegulenso ndi kukuonetsani mawu onse amene sanawamve. Akaloza mawu ambiri pa mzere uliwonse, nkhaniyo yamukulira, ndipo mupezereni yosavuta popanda kumunyoza. Ndi bwino mwana wa Sitandade 7 awerenge buku la Sitandade 5 n'kulimva lonse, kusiyana ndi kunyamula buku la msinkhu wake limene akungotchula mawu ake.

Mukatero, yesani kulemba. Lembetso limathandiza kuona ngati khutu ndi dzanja zikugwirizana: muwerengereni ziganizo zisanu pang'onopang'ono, iye azilemba. Koma choyesa chachikulu ndi chimangirizo chachifupi pa chinthu chimene anachiona yekha, monga ulendo wa pa minibasi kuchokera ku Area 25 kukafika kumsika waukulu wa m'tauni, kapena zimene zinachitika kutchalitchi Lamulungu. Mutu woterewu sangaulowezeretu. Pochonga musathamangire kuzunguliza cholakwa chilichonse ndi cholembera chofiira, chifukwa mwana akaona tsamba lofiira lokhalokha amayamba kulemba ziganizo zazifupi zopanda kanthu pofuna kupewa kulakwa. Onani kaye ngati nkhaniyo ikumveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako sankhani cholakwa chimodzi chimene chikubwerezedwa, monga kusakaniza nthawi yakale ndi yatsopano, ndipo mulimbane nacho chokhacho sabata imeneyo. Ngati inu Chingerezi simuchidziwa mokwanira kuti muchonge, gawo la m'Chichewa ndi lanu ndithu, ndipo lolembalo mukhoza kupempha wachibale kapena mnansi amene anafika Fomu 4.

Pa nkhani ya mapepala a mayeso akale, yankho langa ndi loti muwagule, koma mudziwe ntchito yake. Amathandiza mwana kuzolowera kaonekedwe ka pepala, kusunga nthawi, ndi kumva mawu amene mafunso amayambira, monga "state", "explain" ndi "describe", pakuti ana ambiri amataya malikisi chifukwa chongotchula chinthu pamene funso likufuna kuti afotokoze. Vuto limabwera pamene mapepalawo asanduka buku lophunzirira, mwana n'kumaloweza mayankho a zaka zam'mbuyo poyembekezera kuti mafunso adzabwereranso. Ndingakonde kuti muwasunge mpaka alowe mu Sitandade 8, ndipo akamayankha pepala limodzi pa sabata ziwiri zilizonse, nthawi yambiri ipite pa kukambirana mafunso amene walakwa. Pa funso lililonse lolakwa, limasulireni m'Chichewa ndi kumufunsanso. Mudzadabwa kuona kuchuluka kwa mafunso amene yankho lake amalidziwa koma sanamve chimene akufunsidwa.

Za patitayimu sindinena zambiri. Pali aphunzitsi amene amathandizadi, ndipo pali ena amene amangobwereza zolemba za m'kalasi kwa gulu lalikulu lomwelo. Musanalipire, funsani kuti ana amakhala angati, ndiponso ngati mwana aliyense amapatsidwa mpata wowerenga, woyankhula ndi wolemba zakezake.

Mwina mungafunse chifukwa chimene ndikulimbikira chonchi pamene mwanayo akukhoza kale. Chifukwa chake ndi choti kuloweza kumatha mphamvu mwana akamakwera makalasi. Ku sekondale adzakumana ndi mayeso a JCE mu Fomu 2 ndi a MSCE mu Fomu 4, kumene adzafunika kumvetsa nkhani yaitali imene sanaionepo, kulemba chifupikitso chake, ndi kuyankha mafunso pa mabuku a zolembalemba. Pa MSCE, amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, ndipo sukulu za ukachenjede za boma zimafuna kirediti pa maphunziro 6, Chingerezi chili pomwepo. Zimandipweteka mtima ndikaona mnyamata kapena mtsikana wanzeru akubwereza Fomu 4 chifukwa cha phunziro limodzili, pamene vuto limene linamugwetsa linayamba kuoneka ali mu Sitandade 5 kapena 6 ndipo panalibe amene analizindikira.

Chomaliza, mayi, musachite zonsezi ngati bwalo la milandu. Mphindi 20 madzulo, katatu pa sabata, n'zokwanira, ndipo mafunso a m'Chichewa aja mukhoza kufunsa uku mukusadzula ndiwo kapena mukuyenda limodzi kupita kuchigayo. Khalani ndi kope limodzi lolembamo tsiku, nkhani imene wawerenga, ndi mawu amene anamuvuta. Pakatha mwezi umodzi, tengani kopelo mupite nalo kwa aphunzitsi ake a Chingerezi, muwaonetse mwaulemu pamene mwaona kuti mwanayo akutsimphina, ndipo muwafunse buku limene angakubwerekeni kapena kukulangizani kuti awerenge kunyumba. Mukadzaonana nawo, mundilemberenso kuti ndimve zimene akuuzani komanso nkhani imene mwanayo wakwanitsa kukufotokozerani yekha.