Foni yotchipa ya dzina losadziwika

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kugula foni yotchipa imene mwaionayo: gulani ndithu ngakhale dzina lake silodziwika, malinga ngati ili ndi 4G, RAM (memore imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) yosachepera 3GB, ndiponso wogulitsayo akukupatsani lisiti ndi waranti yolembedwa. Musanapereke ndalama, ikanimo simu yanu ya Airtel kapena TNM, muimbire munthu, kenako mulembe *#06# kuti muone ngati nambala ya IMEI (nambala yozindikiritsa foniyo) ikufanana ndi imene ili pabokosi.

Ine ndinagula yanga pa Kamuzu Road kuno ku Salima zaka ziwiri zapitazo, ndipo batire lake limandifikitsa madzulo ngakhale tsiku limene magetsi azima, zomwe zimandithandiza kwambiri polandira ndalama za nsomba pa Mpamba. Chimene chinandiwawa mtima ndi galasi lake. Litasweka ndinakhala milungu itatu osagwira foni, chifukwa amisiri akuno analibe lofanana nalo, mpaka linachita kuchokera ku Lilongwe. Choncho yambani mwafunsa amisiri ngati zipangizo zake zimapezeka.

Kutentha kwa mu Okutobala kunyanja kuno kumafooketsa batire, ndiye musamaitchaje padzuwa. Mukaona kuti batire latupa kapena foni ikutentha kwambiri potchaja, musaitsegule nokha, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa ntchito yake.