Masiku 6 ku Glasgow ndi ndalama zochepa, yankho kwa achemwali a ku Lilongwe

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Lilongwe, dzina sinditchula. Mwachidule akuti mng'ono wawo akumaliza masitazi pa University of Glasgow ku Scotland, mwambo wolandira digiri uli chakumapeto kwa Juni, viza yatuluka kale, tikiti ya ndege abale asonkherana, koma ya m'thumba ndi yoperewera kwambiri. Funso lawo ndi ili: "Masiku 6 amenewa ndikagona kuti, ndizikadya chani, nanga pali zoti ndingakaone osawononga ndalama zambiri? Kapena mwambo ukatha ndingokhala m'nyumba basi?"

Achemwali, zokhala m'nyumbazo ayi chonde. Mwavutika ndi mafomu a viza, muuluka maola onsewo kudzera ku Addis kaya ku Nairobi, ndiye mudzafike kuno nkumangoyang'ana khoma? Ine ndakhala mu mzinda uno zaka zingapo ndipo chimene ndingakuuzeni ndi chakuti ku Glasgow ndalama sithera pa malo okaona ayi, malo ambiri okaona ngaulere. Ndalama imathera pogona komanso kudya m'malesitilanti katatu pa tsiku. Mukangokonza ziwirizi, zinazo nzopepuka.

Tiyambe ndi pogona poti mpamene pamapweteka. Nthawi ya magraduation mahotela a ku West End, dera limene kuli univesiteyo, amakwera mtengo chifukwa makolo ochokera maiko onse amakhala akulimbirana zipinda zomwezo, ndiye kukakhalanso woimba wamkulu ku sitediyamu ya Hampden kapena ku holo yaikulu ya Hydro sabata yomweyo ndiye basi zinthu zimafika poipa. Musadikire. Choyamba afunseni ang'ono anuwo ngati kumene akukhala amalola mlendo kugona, malo ambiri a ana asukulu amalola masiku ochepa bola unene kaye ku ofesi. Zikakanika, nthawi ya holide yaitali ma univesite amabwereketsa zipinda za ophunzira kwa alendo, kachipinda kakang'ono koma kaukhondo, khitchini mumagwiritsa limodzi ndi anzanu. Palinso hostel ya Hostelling Scotland pa Park Terrace, pafupi penipeni ndi Kelvingrove Park, ili ndi khitchini yoti uziphikira wekha. Mwaona ndikungobwereza za khitchini? Ndi dala. Chipinda chotchipa pang'ono koma chopanda pophikira chidzakudyerani ndalama zambiri kuposa chokwererako chokhala ndi sitovu ndi filiji.

Chenjezo limodzi, poti ine zinandionekera nditangofika kumene. Ndinapeza chipinda chooneka bwino pa gulupu ina ya pa intaneti, mtengo wake wokoma, munthuyo akuti tumizani dipoziti lero lomwe anthu akuchifuna ambiri, ndinatumiza, nambala ija sinapezekenso mpaka lero. Musatumize ndalama kwa munthu amene ang'ono anu sanakumane naye maso ndi maso kapena kuona chipindacho.

Tsopano zakudya. Mukangofika pitani ku Lidl kapena Aldi mukagule za sabata yonse: buledi, mazira, mpunga, nkhuku, anyezi, tomato, kabichi, masamba a tiyi, mkaka. Ufa wa nsima uliko musadandaule, mashopu a anthu a ku Africa ndi a ku Asia amagulitsa, makamaka cha ku Victoria Road ku Southside ndi m'mbali mwa Great Western Road, nthawi zambiri mupeza wa ku South Africa uja wa Iwisa, suli ngati ufa woyera wa kwathu wonyika m'madzi koma nsima imaphikika bwinobwino. Mthiko wokha tengani kumudzi, timasupuni ta kunoko n'tofooka. Nyama ndi za mkaka musanyamule mchikwama, malamulo a UK saloleza ndipo akazipeza pa eyapoti amalanda.

Masana mukakhala mtauni pali chimene amati meal deal m'masupamaketi ngati Tesco ndi Sainsbury's, sangweji, chakumwa ndi kachipisi kapena chipatso zonse pamodzi pa mapaundi osakwana 5. Madzulo mashopu omwewo amamata tizikwangwani tachikasu pa zakudya zimene deti yake ikutha tsiku lomwelo, mtengo umatsika kwambiri, ndipo palibe amene angakuyang'aneni moseka, azungu omwe amaima pomwepo kudikira. Ang'ono anu mwina ali nayo kale app ya Too Good To Go pa foni, imeneyo umalipira pang'ono nkukatenga zotsala za tsikulo ku bekale kapena ku kafe, kungoti sudziwiratu kuti mu jumbomo mukhala chani. Madzi a pampopi kuno ndi abwino zedi, amachokera ku nyanja ya Loch Katrine, ndiye yendani ndi botolo lanu muzingothira. Ngakhale mu lesitilanti mukati tap water akupatsani osalipira.

Koma sindikunena kuti mudye za mshopu masiku onse 6. Tsiku la mwambolo mwana uja wavutika, ayenera kudya bwino ndi mkulu wake. Njira yake nayi: malesitilanti ambiri ali ndi pre-theatre menu, kutanthauza kuti mukafika molawirira, cha m'ma 5 koloko mpaka hafu 6, chakudya chomwecho mumadya pa mtengo wotsika. Bukani malo milungu ingapo isanakwane poti tsiku limenelo West End yonse imadzaza ndi mikanjo. Glasgow imadziwika ndi kale (curry) wa chimwenye, ndipo kwa ife ozolowera mpunga ndi ndiwo za msuzi ameneyo ndiye amakhutitsa, kusiyana ndi timbale tokongola tija toti ukadya umabwerera kunyumba kukatereka poto. Bilu ikabwera iwerengeni kaye, ena amaphatikiza kale service charge, ngati mulibe anthu amasiya ka 10 peresenti. Tsiku lina lawaniko za ku chippy, nenani fish supper, ndiye kuti nsomba ndi tchipisi, mbale imodzi yokwana anthu awiri ngati simuli ndi njala kwambiri. Si chambo ayi, koma ikakhala yotentha ndi mchere ndi viniga imakoma.

Mayendedwe. Pakati pa mzinda ndi West End mutha kuyenda wapansi ngati miyendo ili bwino, mphindi 30 mpaka 40, ndipo mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 usiku ndiye simuyenda mumdima. Pali sitima ya pansi pa nthaka, Subway, inatsegulidwa mu 1896, masiteshoni ake ndi 15 okha ndipo imangozungulira ngati mphete, simungasochere, mukapitirira ingokhalani ibweranso pomwepo. Ku univesite mumatsikira pa Hillhead. Lamulungu imatseka molawirira, cha m'ma 6 madzulo, musaiwale zimenezo. Tsiku limene mukwere kangapo gulani tikiti ya tsiku lonse. M'mabasi a kampani ya First anthu amangogunda khadi, mukalipira kashi dalaivala sabweza chenji. Matakisi asiyeni, kupatula mwina tsiku lofika ngati zikwama zachuluka, apo ayi basi nambala 500 imachoka pa eyapoti kulowa mtauni. Ndipo musadabwe mukapatsidwa ndalama zapepala zolembedwa Bank of Scotland, Royal Bank of Scotland kapena Clydesdale, ndi mapaundi omwewo, kungoti zigwiritseni zithe musananyamuke, ma bureau a kumudzi amavuta nazo.

Malo okaona tsopano. Kelvingrove Art Gallery and Museum, chinyumba chofiira chachikulu chimene chinatsegulidwa mu 1901, kulowa ndi ulere. Mkatimo muli ndege ya nkhondo ya Spitfire yolendewera kudenga, njovu youmikidwa imene amaitcha Sir Roger, ndi chithunzi chotchuka cha Salvador Dalí cha Yesu pamtanda ngati sichinabwerekedwe kwina. Fikani isanakwane 1 koloko, nthawi imeneyo amaimba limba lalikulu mu holo ya pakati, Lamulungu ndi 3 koloko, mumangokhala pampando nkumamvera. Inu amene munakulira mu kwaya mudzamva kukoma. Riverside Museum m'mbali mwa mtsinje wa Clyde nayonso ndi yaulere, muli magalimoto akale, masitima, njinga, mpaka msewu wathunthu womangidwa ngati mmene mzindawu unalili kalekale. Botanic Gardens ulere. Burrell Collection ku Pollok Country Park ulere, ndipo mu pakiyo muli ng'ombe za ku Highlands zija zaubweya wautali mpaka kumaso, ana kumudzi adzafuna zithunzi zimenezo. Loweruka kapena Lamulungu pitani ku Barras, msika wa ku East End, mzimu wake uli ngati wa misika yathu, kaunjika, ziwiya zakale, ndipo kunenerera kumaloledwa. Mphatso za anthu kumudzi yang'anani kumeneko ndi m'ma charity shop a pa Byres Road ndi Dumbarton Road, osati m'mashopu a matuwalisiti a pa Buchanan Street.

Koma pali ulendo umodzi umene ndikukupemphani kuti muusungire ndalama ngakhale zitavuta bwanji. Pitani ku Blantyre. Eya, Blantyre yeniyeni imene yathu ija inatengera dzina pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni mu 1876. Mukwera sitima pa Glasgow Central, mapulatifomu a pansi, mphindi 20 ndi pang'ono mwafika, kenako kuyenda pang'ono kutsetsereka ndi Station Road. Ndi katauni kakang'ono, kopanda Ndirande kopanda Limbe, koma kungoona chikwangwani cha pa siteshoni cholembedwa Blantyre mtima umachita mwina mwake. Kumeneko kuli David Livingstone Birthplace, nyumba yotchedwa Shuttle Row m'mene Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Banja lonse linkakhala mchipinda chimodzi, ndipo iye anayamba ntchito mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, tsiku lonse pa makina, sukulu madzulo. Ine nditaima mchipinda chija ndinakumbuka mabanja a kwathu ogona asanu ndi awiri mu kanyumba ka lendi, ana akuwerenga pa koloboyi. Kusukulu anatiphunzitsa za mzungu wamkulu amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, sanatiuze kuti anali mwana wa amphawi.

Myuziyamuyi anaikonzanso nkuitsegula mu 2021, ndipo chimene chinandikhudza ndi chakuti tsopano akufotokozanso za anthu akuda amene ankayenda naye, omwe ankamulozera njira, kumumasulira zilankhulo, kumunyamula akadwala. Susi ndi Chuma alimo, aja amene pamodzi ndi anzawo ananyamula mtembo wake kuchoka kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 mpaka kukafika ku gombe la nyanja ya mchere. Kulowa mkati kumalipiritsa, bwalo lapanja ndi laulere, tengani kamba wanu mukadyere pa kapinga m'mbali mwa Clyde. Mukabwerera mtauni, chiboliboli cha Livingstone chili pa bwalo la Glasgow Cathedral, tchalitchicho kulowa nkwaulere, kuseri kwake kuli manda a pa phiri otchedwa Necropolis pamene mzinda wonse umaonekera.

Edinburgh mudzafunsidwa ndithu kumudzi ngati munafikako, poti nkumene Kamuzu anakapitiriza maphunziro ake a udokotala. Basi ya Citylink nambala 900 imachoka pa Buchanan Bus Station pafupipafupi, ulendo wa ola ndi mphindi zingapo, pitani mmawa nkubwerera madzulo, kugona kumeneko nkodula. National Museum of Scotland ndi yaulere, nyumba ya mafumu ya pamwamba pa thanthwe, Edinburgh Castle, ingojambulani panja, tikiti yake ndi yokwera. Kukacha bwino tsiku lina mutha kukwera sitima pa Queen Street kupita ku Balloch kukaona nyanja ya Loch Lomond, koma kwa munthu amene anasambako ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ine ndingati limeneli likhale la kumapeto kwa mndandanda, madzi ake ndi ozizira koopsa.

Mtchalitchi cha Church of Scotland chilichonse chimene mungalowe Lamulungu, mukangonena kuti ndinu a ku Malawi pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, kawirikawiri papezeka gogo wina amene anafikako ku Ekwendeni kapena ku Mulanje, kapena mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina wa CCAP. Maubale amenewa ndi ambiri kuno, ndipo maboma a Malawi ndi Scotland anasainirana mgwirizano mu 2005, nthawi ya a Bingu ndi a Jack McConnell, amene anali nduna yaikulu ya Scotland. Valani chitenje chanu tsiku limenelo.

Za zovala, Juni wa kuno amati ndi chilimwe koma kwa ife ali ngati Juni wa ku Dedza, kuphatikizapo mvula yowaza imene imabwera nthawi iliyonse. Tengani juzi ndi nsapato zotseka zoyendera, jekete ya mvula mubwereke kwa ang'ono anu kapena mugule ya kaunjika mukafika, ambulera mphepo imathyola. Mapulagi a magetsi ndi a mano atatu omwe aja a kwathu, ndiye tchaja yanu ya foni igwira popanda adaputa.