Laravel 8 ya mufulashi, kapena yatsopano?

Mchemwali wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Mnzake anamupatsa mavidiyo odzaza fulashi ophunzitsa Laravel 8 (Laravel ndi chida chomangira mawebusayiti m'chilankhulo cha pakompyuta cha PHP), ndiye akufunsa: ayambire pomwepo, poti bandulo ikudula, kapena adumphire yatsopano?

Achemwali, yambani ndi yatsopano. Mavidiyowo musataye ayi, koma muziwatenga ngati mnzanu wokuperekezani chabe.

Laravel 8 inatuluka mu Seputembala 2020, ndipo eni ake anasiya kutseka ziboo zake zachitetezo mu Januwale 2023. Masiku ano Laravel iliyonse amaisamala zaka ziwiri zokha pa nkhani ya chitetezo. Kumangira kasitomala wa ku Old Town sitolo ya pa intaneti pa 8 n'kumupatsa nyumba yopanda loko.

Pamene pamagwetsa ongoyamba ndi apa. Mukalemba "composer create-project laravel/laravel sitolo", Composer, pulogalamu yotsitsira zida za PHP, imabweretsa yatsopano imene PHP yanu ingakwanitse, osati ya muvidiyo. Mphunzitsi wa muvidiyo akuti tsegulani app/Http/Kernel.php mulembetse middleware (zosefa zopempha zisanafike mu pulogalamu yanu), inu mukufufuza mpaka maso kuwawa, fayiloyo palibe. Simunalakwitse. Kuyambira Laravel 11, ya mu Malichi 2024, anaichotsa. Zimenezo zinasamukira mu bootstrap/app.php. Nayo routes/api.php sibweranso yokha, mpaka mutalemba "php artisan install:api". Akatchula webpack.mix.js, dziwani kuti pano ndi vite.config.js, chifukwa Vite inalowa m'malo mwa Mix mu 2022 pa ntchito yokonza mafayilo a CSS ndi JavaScript. Ndipo mukatsegula phpMyAdmin, poonera database ya MySQL, n'kupeza matebulo anu kulibe, onani fayilo ya .env: DB_CONNECTION imayamba ili pa sqlite, inu muisinthe ikhale mysql.

Musanayambe chilichonse, lembani "php -v". Laravel 11 ndi 12 zimafuna PHP 8.2 kupita m'mwamba. XAMPP (pulogalamu yoika PHP pa kompyuta yanu) yakale yokopera kwa mnzanu imabwera ndi PHP yakale, ndiye Composer idzakutsitsirani Laravel yakalenso mwakachetechete. Mukamaliza, tsimikizani ndi "php artisan --version". Funso lomweli la PHP mukawafunse a hosting, okusungirani webusayiti pa intaneti, musanawalipire kobiri.

Mufulashimo zilipo zaphindu: routes, controllers, Blade, Eloquent ndi migrations sizinasinthe kwenikweni. Onerani zimenezo, koma pambali mutsegule malangizo a pa laravel.com, mutasankha nambala yofanana ndi imene mwaika. Ndi zolemba zokhazokha, sizidya bandulo ngati YouTube.

Yakale muiphunzire pokhapokha ntchito yakukakamizani, monga mwalowa pa ofesi pamene sisitimu yawo ili pa 8. Zikatero lembani "composer create-project laravel/laravel:^8.0 sitolo", ndipo pokweza musadumphe: 8 ipite pa 9, kenako 10, imodziimodzi, mukuyesa sisitimu pa sitepe iliyonse.