Kodi Gamma Knife imapweteka? Yankho kwa mayi amene ali ndi chotupa m'mutu

Mayi wina wanditumizira funso pa imelo. Madokotala anamupeza ndi chotupa chaching'ono chotchedwa meningioma, chomwe chimamera pa nembanemba yokuta ubongo, ndipo amutumiza ku Johannesburg kuti akalandire chithandizo cha Gamma Knife. Walemba kuti: "Tulo sindikutiona. Ndamva kuti amakhomera zitsulo m'mutu munthu ali maso. Ululu wake ndi wotani? Nanga ndidzabwerako ndili ndi nzeru zanga ndi tsitsi langa?"

Mayi, mantha anu ndi omveka, koma ine ndikuona kuti mwawaunjika onse pa tsiku la chithandizolo, pamene nthawi yofuna tcheru chenicheni ndi miyezi yotsatira.

Pa chithandizochi palibe kung'amba mutu. Makinawa anawayambitsa ndi Lars Leksell, dokotala wa ubongo wa ku Sweden, ndipo akhala akugwira ntchito kuchokera mu 1968. Makina a masiku ano amatulutsa cheza kuchokera m'magwero 192 a chitsulo chotchedwa cobalt, ndipo cheza chilichonse pachokha n'chofooka moti chimadutsa mu ubongo wabwino osauwononga kwenikweni; mphamvu yaikulu imapezeka pokhapo pamene zonse zakumana, pomwe ndi pa chotupacho. N'chifukwa chake mutu suyenera kusuntha ngakhale pang'ono, ndipo zitsulo zimene mwamvazo ntchito yake ndi imeneyi.

Zimakhala chonchi. M'mawa namwino amapukuta malo anayi, awiri pamphumi ndi awiri kunkhongo, kenako dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi pa malo aliwonse. Jakisoniyu amaluma ndithu kwa kanthawi, ndipo kwa ambiri ululu waukulu wa tsikulo ndi umenewu. Dzanzi likagwira, amaika felemu yopepuka kuzungulira mutu n'kumanga timisomali tinayi, tomwe timadutsa pakhungu n'kutsamira pa fupa osaliboola mpaka mkati. Mudzamva kuthina kwambiri, ngati duku limene lamangidwa mopitirira muyeso, ndipo pakapita mphindi zingapo kuthinako kumazilala. Ngati mtima ukugunda kwambiri, pemphani mankhwala okhazika mtima pansi, palibe chamanyazi. Zipatala zina zimagwiritsa ntchito chigoba cha pulasitiki choumbidwa motsatira nkhope yanu m'malo mwa felemu, choncho funsani ngati chotupa chanu chikulola zimenezo.

Akatero amakujambulani ndi MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, ndipo mumadikira pamene madokotala akuwerengera mlingo wa cheza. Kudikiraku kumatopetsa kuposa zina zonse. Mukagona m'makina a Gamma Knife simumva kutentha kapena kupweteka kulikonse, ndiponso makinawo alibe phokoso ngati la MRI. Ogwira ntchito amakuonani pa kamera ndipo mungathe kuyankhula nawo. Ena amatha mphindi 30, ena maola angapo, malinga ndi kukula ndi maonekedwe a chotupa. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo, ndipo cheza sichitsalira m'thupi, kotero mukhoza kunyamula mdzukulu wanu madzulo omwewo.

Akachotsa felemu, mutu umatha kuwawa kwa maola angapo, ena amamva nseru, ndipo pa malo a timisomali pamatsala tizilonda tomwe timapola m'masiku ochepa. Zikope zikatupa patapita masiku awiri kapena atatu musadabwe, zimaphwa zokha. Kutopa kumatha kutenga masabata. Tsitsi nthawi zambiri sameta, ndipo limathothoka pa kamalo kakang'ono pokhapokha chotupa chikakhala pafupi ndi khungu, kawirikawiri limameranso. Za nzeru, chithandizochi chimasiyana ndi chija chowalitsa cheza pa ubongo wonse, chomwe chimadziwika kuti chimafooketsa kukumbukira. Komabe ngozi imadalira pamene chotupa chakhala. Chikayandikana ndi mtsempha wa maso kapena wa khutu, kuona kapena kumva kungakhudzidwe, ndipo limeneli ndilo funso limene muyenera kumupanikiza nalo dokotala, atakuonetsani chithunzi chanu, musanasaine chikalata chovomereza.

Vuto limene ndikufuna muligwire ndi kutupa kwa ubongo wozungulira chotupa, komwe kungayambe patapita masabata kapena miyezi, inu mutabwerera kale kumudzi n'kuyambanso ntchito zanu. Zizindikiro zake ndi mutu umene ukuwawa mokulirakulira makamaka m'mawa, kusanza, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, kuvutika kuyankhula, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka maganizo, kapena kugwa ngati wa khunyu. Chimodzi mwa izi chikaoneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mufotokoze za chithandizo chimene munalandira. Anthu ochepa minofu ya pamalopo imafa patapita miyezi 6 mpaka zaka 2, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi zomwezi. Amene mumakhala nawo pakhomo azidziwe, chifukwa munthu wosokonezeka sadzizindikira yekha.

Mankhwala amene amapereka pa kutupaku ndi dexamethasone. Amagwira ntchito bwino, koma amasowetsa tulo, amachititsa njala ndi kupsa mtima msanga, ndiponso amakweza shuga m'magazi, zomwe wodwala shuga ayenera kuzilondoloza. Musawasiye mwadzidzidzi, mlingo amautsitsa pang'onopang'ono. Muwauze madokotala mankhwala onse amene mukumwa, kaya ndi asipirini, ma ARV, a TB kapena azitsamba, pakuti ena, monga rifampicin wa TB, amafooketsa dexamethasone. Muwauzenso ngati muli oyembekezera kapena ngati muli ndi chitsulo m'thupi.

Musadzakhumudwe mukadzaona chotupa chikadalipo pa chithunzi choyamba. Cholinga ndi kuchiimitsa kukula, ndipo pa zotupa zazing'ono za meningioma zomwe si khansa, pafupifupi 9 mwa 10 zimaima. Zina zimafota pang'onopang'ono kwa zaka. Musananyamuke ku Johannesburg, mutenge zithunzi zanu zonse pa CD, kalata yonena mlingo wa cheza ndi tsiku la MRI yotsatira, ndi nambala yoti dokotala wa kwanu angaimbe. Mufunsenso tsiku limene mungakwere ndege kapena basi, ndiponso nthawi imene mungayambirenso kuyendetsa galimoto.