Katemera wa atsikana ndi nkhani ya chiberekero: yankho kwa mayi wa ku Namwera

Mayi wina wa ku Namwera wanditumizira imelo, ndipo walola kuti ndimuyankhe pano bola ndisamutchule dzina. Akuti achemwali ake aakulu anawachotsa chiberekero ku Blantyre chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero. Tsopano mwana wamkazi wa mayiyu, wa zaka 9, wabwera ndi uthenga wa kusukulu woti azaumoyo adzabaya katemera wa HPV. Agogo ake a mwanayo akanitsitsa, ati ndi mankhwala otseka kubereka amene azungu akuyesera pa ana athu. Mayiyu akufunsa kuti amvere ndani, komanso ngati achemwali akewo sakanachira popanda mpeni.

Amayi, mwanayo kamubayitseni. Ndayamba ndi yankho kuti ngakhale data ikuthereni panjira, mukhale mutalimva.

Agogowo musawaseke. Munthu amene waona mwana wake wamkazi atapita ku Queens ndi chiberekero n'kubwerako alibe, saoneka wopusa akamaopa chilichonse chochokera kuchipatala chokhudza kumusi kwa mchombo. Kungoti mantha awo alunjika kolakwika. Chimene chinatenga chiberekero cha achemwali anu ndi kachilombo kotchedwa HPV, ndipo katemerayu anapangidwira kachilombo komweko.

HPV amafala pogonana, ndipo ndi wofala kwambiri moti anthu ambiri amamutenga nthawi ina m'moyo wawo osadziwa n'komwe. Kwa ambiri thupi limamuchotsa lokha. Kwa ena amakakamira pa khomo la chiberekero n'kumasintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono, zaka 15 kapena 20, kufikira kukhala khansa. Kwa mayi amene ali ndi HIV zimafulumira, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chake chimaposa cha ena kasanu ndi kamodzi. Amene anatulukira kuti HPV ndiye amayambitsa khansayi ndi Harald zur Hausen wa ku Germany, yemwe mu 1983 ndi 1984 anapeza mitundu iwiri ya kachilomboka, 16 ndi 18, m'zotupa za odwala. Mitundu iwiri yokhayi imayambitsa pafupifupi 70 pa matenda 100 alionse a khansayi. Kuno kwathu amayi opitirira 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansayi yavuta koposa padziko lonse.

Nanga mu jakisoniyo muli chiyani? Mulibe kachilombo kamoyo, ngakhale kakufa. Mu 1991 Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Brisbane, Australia, anapeza njira yopangira chikuto chakunja chokha cha kachilomboka. Chili ngati chigoba cha nkhono chimene ana amatola pamchenga ku Makawa, mwini wake atachokamo kale: maonekedwe ndi omwewo koma mkati mulibe kanthu. Thupi likachiona limayesa mdani weniweni, limapanga asilikali olimbana naye, n'kusunga chikumbukiro chake. Kachilombo keni-keni kakadzabwera patapita zaka, kamapeza pakhomo potseka. N'chifukwa chake amabaya ana aang'ono. Si kuti akuwatuma zachiwerewere ayi. Katemera sachotsa kachilombo kamene kalowa kale, ndiye ayenera kufika iye poyamba. Komanso thupi la mwana wa zaka 9 mpaka 14 limapanga asilikali ambiri kuposa la munthu wamkulu.

Zoti akuyesera pa ife, zaka zake zikukana. Katemerayu anavomerezedwa ku America mu 2006, ndipo ana a ku Australia ndi ku Britain anayamba kubayidwa m'sukulu zawo mu 2007 ndi 2008. Kuno anayamba m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, n'kufalikira dziko lonse mu 2019. Ngati pali chodandaula, n'chakuti anatifika mochedwa ife amene tikufa kwambiri. Ku Sweden anatsata atsikana ndi amayi pafupifupi 1.7 miliyoni, ndipo zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti amene anabayidwa asanakwane zaka 17 chiopsezo chawo cha khansayi chinatsika ndi 88 pa 100. Atsikana oyambirira aja lero ndi amayi a ana, ndipo kafukufuku sanapeze kuti katemerayu amalepheretsa kubereka. Zimene mungaone pa mwana wanu ndi kuwawa kwa mkono, kutentha thupi pang'ono, kapena chizungulire, n'chifukwa chake amawakhazika pansi mphindi 15 akawabaya. Kafukufuku wa ku Kenya anaonetsanso kuti jakisoni mmodzi amateteza kwambiri, ndipo mu 2022 WHO inavomereza zimenezi. Mwana amene ali ndi HIV, kapena amene chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka, amafunika kubwereza. Musaiwale kumupatsira buku lake la kuchipatala kuti akalembemo.

Kafukufuku kuno amachitika ndithu, ngakhale m'boma lathu lomwe lino la Mangochi, koma ali ndi malamulo ake. Amayamba wavomerezedwa ndi makomiti ngati COMREC kapena NHSRC, amakufotokozerani m'chiyankhulo chanu, mumasaina kapena kudinda chala, ndipo muli ndi ufulu wokana osalandidwa thandizo la kuchipatala. Katemera wa kusukulu sali m'gulu limenelo, gawo loyesa analidutsa kalekale.

Tsopano za achemwali anu. Mpeni umadalira pamene matenda apezekera. Akapezeka asanasanduke khansa, sipafunika opaleshoni. Namwino amawotcha malo odwalawo ndi kachipangizo kotentha kwa mphindi zochepa chabe, kapena dokotala amasenga kachigawo ndi kawaya ka magetsi kamene amati LEEP, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, chiberekero chili chilili. Ikakhala khansa koma sinafalikire, kuchotsa chiberekero ndiko kupulumutsa moyo. Ndinene mosabisa: achemwali anu anachita mwayi kuti anafika nthawi yoti n'kuchitidwa opaleshoni, chifukwa ambiri amafika itafalikira kale, madokotala n'kungowapatsa zochepetsa ululu.

Ngati ali ndi chipsera chachitali pamimba, asadzione ngati anawachita zachikale. Kunja anayamba kukonda opaleshoni yoboola timabowo n'kulowetsa kamera, poganiza kuti ndi yabwino. Kafukufuku wotchedwa LACC, wa amayi opitirira 600, anaonetsa mu 2018 kuti pa khansa imeneyi amene anawaboola timabowo matenda ankawabwerera kwambiri ndipo ankamwalira ambiri kuposa amene anawang'amba pamimba. Zipatala zikuluzikulu zinabwerera ku njira yakale ija. Kafukufuku wina wotsogoleredwa ndi a ku Canada, SHAPE, waonetsa kuti chotupa chikakhala chaching'ono, chosapitirira masentimita 2 ndiponso chosazama, kuchotsa chiberekero chokha osadula zambiri za m'mbali n'kokwanira, ndipo mavuto a chikhodzodzo amachepa. Mayi wochotsedwa chiberekero sasambanso ndipo satenganso pakati, koma bala likapola banja limayenda monga kale. Alamu anuwo wina awauze zimenezi, amuna ena amathawa chifukwa cha mphekesera za pa bawo.

Mu imelo yanu mwafunsira mwana, mwafunsira achemwali, inu mwadziiwala. Munayezetsapo? Pa chipatala cha boma cha Mangochi amayeza, komanso m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, makamaka kumene kuli sikelo ya kulera ndi ya ma ARV. Mumagona pabedi kuseri kwa katani, namwino amalowetsa kachitsulo kotsegulira njira, kamazizira koma sikapweteka, amanyowetsa thonje mu viniga n'kupaka pa khomo la chiberekero. Amadikira mphindi imodzi akuunika ndi tochi. Pamene pali vuto pamayera mbee. Mukatuluka mwadziwa kale zotsatira. Kutsika phiri la Chowe pa matola kupita kuboma n'kotchipa kusiyana ndi maulendo a ku Blantyre amene banja lanu lawalipira kale.

Ife a kunyanja tili ndi china chowonjezera. Likodzo sakhala m'mikodzo mokha. Mazira ake amakanirira pa khomo la chiberekero n'kuyambitsa zilonda, kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, ndi kuwawa m'chinena, zizindikiro zofanana ndi za khansa. Ngati munakulira kuchapa ndi kusamba ku Malombe, mu Shire kapena kunyanja yaikulu, muuzeni namwino asanayambe kukuonani. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amamwa kusukulu. Koma musagule mapiritsi n'kudziuza kuti ndi likodzo chabe, magazi otuluka nthawi yosayenera ndi ofunika diso la namwino. Fodya nayenso amathandiza kachilomboka kukakamira, ndiye ngati m'nyumbamo muli wosuta, mumuthandize kusiya mofatsa, kumulalatira sikuchotsa chibaba.

Agogowo musalimbane nawo nokha pakhonde. Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu abwere adzacheze nawo, achemwali anu alipo, ndipo iwowo ndiwo afotokoze zimene anadutsamo. Tsiku la katemera muwatenge agogowo aperekeze mdzukulu wawo kusukulu, akaone okha botolo, akafunse zonse zimene akufuna.