Visa ya ku UK yosaoneka m'pasipoti

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu amene wabwera kuno kumudzi angathe kubwerera ku UK popanda visa m'pasipoti. Mtima m'malo. Mwana wanu abwerera ku London bwinobwino ngakhale m'pasipoti mwake mulibe visa yomata. Makhadi ambiri a BRP, omwe ankasonyeza chilolezo chokhala ku UK, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo chilolezo chake tsopano chili pa intaneti, mu akaunti ya UKVI (nthambi ya boma la UK yoona za ma visa), cholumikizidwa ku pasipoti yake.

Chachikulu n'chakuti ngati watenga pasipoti yatsopano, ailembetse mu akauntiyo asananyamuke. Mlongo wanga anamuimika nthawi yaitali pabwalo lina la ndege chifukwa cha zomwezi, mpaka thukuta kamukamu. Share code, nambala yochokera mu akauntiyo yosonyezera ena chilolezo chake, aitengeretu ali pa boma pa Mangochi, poti kumidzi ya kunyanja netiweki imavuta. Share code imeneyi imagwira ntchito masiku 90.

Dzina kapena tsiku lobadwa likalakwika mu akauntiyo, afunse a UKVI kapena loya wodziwa za imigireshoni, osati madobadoba.