Kodi Malonda a Pakati pa Mayiko Amathetsa Umphawi Kapena Amaukulitsa?

Mayi ena amene amaphunzitsa kusekondale anditumizira imelo yokhala ndi funso limene ophunzira awo anawafunsa m'kalasi. Alemba kuti: "Timamva kuti kulumikizana kwa mayiko pa malonda kwatulutsa anthu ambiri mu umphawi, koma mayiko osauka amene anatsegula zipata zawo kalekale adakali osauka mpaka lero. Kodi tinanamizidwa? Kodi sizikanakhala bwino kutseka malire n'kumadzidalira?"

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli, ndipo ophunzira anuwo muwayamikire, popeza afunsa chinthu chimene akatswiri a zachuma akhala akukangana nacho kwa zaka zambiri. Yankho langa ndi lakuti simunanamizidwe, koma nkhaniyi munaimva mbali imodzi yokha.

N'zoona kuti umphawi wadzaoneni watsika kwambiri. Malinga ndi ziwerengero za World Bank, m'chaka cha 1990 anthu oposa mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi anali mu umphawi woterewu, pamene pofika 2019 anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Koma tikafunsa kumene kusinthaku kunachitikira, tipeza kuti gawo lalikulu ndi la ku Asia. China yokha inatulutsa mu umphawi anthu pafupifupi 800 miliyoni m'zaka 40, kuyambira pamene mtsogoleri wake Deng Xiaoping anayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma mu 1978. Lero anthu ambiri osaukitsitsa ali m'mayiko a mu Africa a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Chimene anthu ambiri sachitchula n'chakuti mayiko amene anapindulawo sanatsegule zipata zonse tsiku limodzi. China inayamba ndi alimi, powalola kulima paokha ndi kugulitsa zokolola zotsala, kenako inapatula madera ochepa monga Shenzhen kuti alandire makampani akunja, ndipo inadzalowa m'bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko la WTO mu 2001, patapita zaka zoposa 20. South Korea inagawa malo kwa alimi ang'onoang'ono cha m'ma 1950, ndipo pambuyo pake boma linkateteza mafakitale ake ndi kuwapatsa ngongole zotsika mtengo, koma linkawakakamiza kuti azigulitsa katundu kunja. Kampani yolephera kupikisana pamsika wa dziko lonse inkataya thandizolo. Pamene dzikoli linkafuna kumanga fakitale yaikulu ya zitsulo, World Bank inaona kuti ntchitoyo siingapindule, komabe kampani ya POSCO inakhazikitsidwa mu 1968 ndipo inadzakhala imodzi mwa makampani akuluakulu a zitsulo padziko. Vietnam inatsata njira yofananako kuyambira 1986: inayamba ndi mpunga, kenako khofi, amene tsopano imangoposedwa ndi Brazil yokha pomugulitsa kunja, kenako zovala ndi nsapato, ndipo lero mafakitale a Samsung a ku Bac Ninh ndi Thai Nguyen amapanga mafoni ogulitsidwa kulikonse.

Tsono tiyerekeze ndi zimene zinachitikira Haiti. Mayiko ambiri osauka anatsegula misika yawo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ali kakasi ndi ngongole, potsatira malamulo amene mabungwe okongoza mayiko ndalama a IMF ndi World Bank ankaika asanapereke thandizo. Mu 1995 Haiti inatsitsa msonkho wa mpunga wolowa m'dzikomo kufika pa 3 peresenti. Mpunga wa ku America, umene alimi ake amalandira sabuside kuchokera ku boma lawo, unadzaza m'misika, ndipo mlimi wa m'chigwa cha Artibonite, wolima kamunda kake kakang'ono ndi manja, analibe mphamvu yopikisana ndi mtengo wotero. Ambiri anasiya minda n'kukadzazana m'makomboni a mu Port-au-Prince, likulu la dzikolo, kumene kunalibe mafakitale okwanira kuwalemba ntchito. Mu 2010 Bill Clinton, amene anali mtsogoleri wa America pa nthawi ya kusinthako, anavomera poyera kuti mfundoyo inali yolakwika. Nkhani imeneyi imandiwawa mtima nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa amene anavutika si amene anasainira mapanganowo.

Chinthu china chofunika kwambiri ndi mtundu wa katundu amene dziko likupita naye kumsika. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko, koma chokoleti chambiri chimapangidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo mlimi amene anathyola zipatsozo, kuziswa ndi chikwanje, kuvundika njere zake ndi kuziyanika padzuwa amalandira kagawo kochepa zedi ka mtengo wa m'sitolo. Mtengo wa mbewu ndi miyala yosakonzedwa umakwera ndi kutsika mosadziwika bwino, pamene mafuta, mankhwala ndi makina ziyenera kugulidwa ndi ndalama zakunja chaka chilichonse. Mtengo ukagwa boma limakongola, ndipo chiwongoladzanja chimadya ndalama zimene zikanamanga sukulu. Ngongole zambiri zinakhululukidwa kudzera m'ndondomeko ya HIPC, yothandiza mayiko osauka a ngongole zambiri, imene inayamba mu 1996, komabe Ghana inalepheranso kubweza ngongole zake zakunja mu 2022. Mpikisanowo nawonso suli wachilungamo: mu 2003, pamsonkhano wa WTO ku Cancún m'dziko la Mexico, mayiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula kuti sabuside ya alimi a thonje m'mayiko olemera ikugwetsa mtengo wa thonje lawo.

Sindikufuna kuti muganize kuti fakitale ndi mankhwala a matenda onse. Ku Bangladesh zovala zimabweretsa zoposa 80 peresenti ya ndalama za katundu wogulitsidwa kunja, ndipo atsikana ambiri ochokera kumudzi analandira malipiro awo oyamba atakhala pa makina osokera. Koma pa 24 Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza, momwe munali mafakitale a zovala, inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, pamene dzulo lake ming'alu inali itaoneka kale m'makoma ndipo antchito anauzidwa kuti alowebe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma matope a mtundu uwu ndi opeweka ngati boma likuyendera nyumba zogwiriramo ntchito ndipo antchito ali ndi mabungwe owalankhulira.

Nanga kutseka malire? Ine sindikugwirizana nako. Dziko la anthu ochepa komanso osauka lilibe ogula okwanira kuti fakitale ikule, ndipo kampani yotetezedwa mpaka kalekale imazolowera kugulitsa katundu wosalimba pamtengo wokwera kwa anthu amene alibe kwina kogula. Kusiyana kwa South Korea ndi North Korea, imene inadzitsekera, kukuonetsa kumene kudzipatula kumafikitsa. Chimene chimathandiza n'chakuti dziko lizisankha lokha chimene litsegule poyamba ndi chimene lidikire nacho, liyambe ndi mlimi, magetsi, misewu ndi sukulu, komanso likhale ndi boma lotha kukambirana mwamphamvu ndi makampani akunja. Botswana inapeza dayamondi ku Orapa mu 1967, chaka chimodzi chokha italandira ufulu, ndipo m'kupita kwa nthawi inakhala ndi theka la kampani yokumba dayamondi ya Debswana pamodzi ndi kampani yakunja ya De Beers, n'kuika phindulo m'misewu, zipatala ndi maphunziro, ngakhale kuti kudalira mwala umodzi kukuivutitsabe.

Mukabwerera m'kalasi, mayi, muwapemphe ophunzirawo asankhe dziko limodzi losauka, afufuze zinthu zitatu zimene limagulitsa kwambiri kunja, ndipo pa chilichonse apeze kumene chimakakonzedwa chisanafike kwa wogula womaliza. Mudzandilembere zimene adzapeze.